Laibulale tinaidziwa mochedwa

Funsani anzanu asanu a pa yunivesite kuti anali ndi zaka zingati pamene analowa m'laibulale koyamba. Ambiri akuuzani za Fomu 2 kapena Fomu 4, mayeso atayandikira. Ena anena mosabisa kuti khadi yobwerekera buku anaigwira koyamba sabata imene anafika kuno ku koleji, ndipo mpaka lero sanabwerekepo buku lomwe mphunzitsi sanalitchule m'kalasi. Amene anganene kuti anapitako ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, amayi awo atawagwira padzanja, ndi owerengeka, ndipo kawirikawiri ndi ana a m'tauni omwe makolo awo anali opezako bwino.

N'chifukwa chake kwa ambirife laibulale ndi nyumba ya mayeso. Timaikumbukira semesita ikamatha. Nthawi imeneyo anthu amalawirira kukagwira malo, mpando n'kuusungitsa ndi juzi kapena chikwama, maso ali pa manotsi ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Mayeso akangotha m'menemo mumangoti zii. Tikalandira digiri, ambiri sitidzapondamonso. Kenako ife tomwe timakhala patsogolo kudandaula pa Facebook kuti Amalawi sakonda kuwerenga.

Maganizo anga ndi akuti vutoli limayamba kale kwambiri, mwana asanavale yunifolomu, ndipo chimodzi mwa zinthu zomwe zikusowa ndi kanthu komwe ife ophunzira timakaderera: buku la zithunzi. M'mera mpoyamba. Munthu amene buku lake loyamba linabwera ndi mkwapulo wa mphunzitsi sadzaliona buku ngati chinthu chosangalatsa, ngakhale atadzakhoza bwanji m'kalasi.

Ndikamati buku la zithunzi sindikunena buku la sukulu lomwe aikamo chithunzi cha mbuzi pambali pa mawu oti "mbuzi". Ndikunena kabuku kopyapyala, kawirikawiri ka masamba 32, komwe nkhani yake imakambidwa ndi anthu awiri, wolemba ndi wojambula. Mawu amakhala ochepa, mzere umodzi kapena iwiri pa tsamba. Zina zonse zili m'chithunzi: nkhope ya mtsikana amene wachita mantha, galu amene wabisala kuseri kwa nkhokwe, mtambo umene ukunka nuda tsamba ndi tsamba. Mawu akhoza kunena kuti kalulu ankayenda yekhayekha m'tchire, chithunzi n'kumaonetsa fisi akumulondola pambuyo. Mwana yemwe sadziwa chilembo ngakhale chimodzi amamuona fisiyo msanga kuposa wamkulu amene maso ake ali pa mawu, ndipo amakuwa kuti kalulu athawe. Pamenepo wayamba kale kuwerenga.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'chaka cha 1658 John Amos Comenius anatulutsa Orbis Pictus, buku lomwe anthu ambiri amaliwerengera kukhala loyamba la zithunzi lolembedwera ana. Iye ankakhulupirira kuti mwana ayambe waona chinthu, dzina lake libwere pambuyo. Mwana amene amakhala pamiyendo pa wamkulu n'kumatsegula naye kabuku amatola zinthu zambiri popanda wina kumuuza kuti akuphunzira. Amadziwa kumwamba ndi kunsi kwa buku. Amadziwa kuti tsamba timalitembenuza kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuti nkhani ili ndi poyambira ndi pothera, ndiponso kuti timizeremizere takuda tili m'munsi mwa chithunzito ndi timene timauza wowerengayo zoti anene. Akafika Sitandade 1, mphunzitsi akamalemba "ba be bi bo bu" pa bolodi, iye amadziwa kale kuti zimenezi mapeto ake ndi nkhani.

Kwathu kuli mwana wa achemwali anga, wa zaka zinayi, yemwe ali ndi kabuku kamodzi kogulidwa pa kaunjika wa mabuku mumsika. Ndi ka Chingerezi, choncho ndikapita ku tchuthi ndimamukambira nkhaniyo m'Chichewa, chala chikuyenda m'munsi mwa mawu. Taiwerenga nthawi zosawerengeka. Tsiku lina ndinasintha dala mawu a tsamba limodzi kuti ndione ngati akumvetsera. Anandigwira dzanja pomwepo. "Ayi amalume, si choncho! Pamenepa pamati chakuti." Anabwereza chiganizo chonse mmene ndimachinenera masiku onse. Sadziwa kulemba dzina lake, koma wagwira kale mfundo imene luso lonse la kuwerenga latsamirapo, yoti zolembedwa sizisintha malinga ndi amene wagwira buku. Ndiyenso anandionetsa kambewa komwe kamapezeka pangodya ya tsamba lililonse ngakhale nkhaniyo sikatchula.

M'maiko momwe mabuku a ana ndi ambiri muli gulu lina la mabuku a zithunzi omwe nkhani yake ndi laibulale yeniyeniyo. Lola at the Library, lolembedwa ndi Anna McQuinn ndi kujambulidwa ndi Rosalind Beardshaw m'chaka cha 2006, limangotsatira kamtsikana kamene Lachiwiri lililonse kamalongedza mabuku m'chikwama, kupita ndi amayi ake kukawabweza, kumvetsera nthano pamodzi ndi ana anzake, kusankha mabuku ena n'kubwerera kunyumba. Mulibe chozizwitsa chilichonse. Chaka chomwecho kunatulukanso Library Lion la Michelle Knudsen, lojambulidwa ndi Kevin Hawkes, lonena za mkango umene unalowa m'laibulale n'kuloledwa kumabwera malinga usamabangule. Tsiku lina mayi woyang'anira laibulale anagwa n'kuvulala, ndipo mkango unabangula kuti anthu adzathandize, ukudziwa kuti waphwanya lamulo.

Lomwe limandikhudza kwambiri ndi Tomás and the Library Lady la Pat Mora, la m'chaka cha 1997, chifukwa ndi nkhani ya munthu weniweni. Tomás Rivera anali mwana wa banja la aganyu a m'minda omwe ankachoka ku Texas kupita ku Iowa nyengo yokolola. Agogo ake ankawakambira anawo nthano, ndipo ataona kuti mnyamatayo waziloweza zonse anamuuza kuti akafune zina ku laibulale. Mwanayo anaima pakhomo akuopa kulowa. Mayi wogwira ntchito m'menemo anamuitana, kumupatsa madzi akumwa, n'kumubwereketsa mabuku pa dzina la mayiyo. Rivera anadzakhala mtsogoleri wa University of California ya ku Riverside, ndipo laibulale yaikulu ya pamenepo imatchedwa ndi dzina lake.

Mabuku oterewa amagwira ntchito imene chikwangwani cha pakhomo sichingagwire. Amamuyendetsa mwana m'laibulale asanafikeko. Amamuuza kuti kumeneko kuli munthu wamkulu amene ntchito yake ndi kumuthandiza, kuti akhoza kutenga buku popanda ndalama, kuti adzalibweza n'kutenganso lina. Koposa zonse amamuchotsa mantha. Ife amene tinakula tikuona maofesi ngati malo a anthu ovala mataye timawadziwa mantha amenewa. Mwana wa kumudzi akaona nyumba ya magalasi, mlonda ali pageti, palibe amene amachita kumuuza kuti asalowe. Amadziletsa yekha.

Vuto ndi lakuti laibulale imene ili m'mabuku ambiri oterewa si yathu. Muli kapeti pansi, timipando ta ana tamitundumitundu, ndipo ili pamtunda woti mwana ndi amayi ake amangoyenda wapansi sabata iliyonse. Mukamuonetsa mwana wa ku Ntchisi kapena ku Chikwawa chithunzi chimenechi, aona zokongola ndithu, koma phunziro limene angatolepo ndi lakuti laibulale ndi ya ana a kunja. Katswiri wina wa mabuku a ana wa ku America, Rudine Sims Bishop, analemba m'chaka cha 1990 kuti buku likhoza kukhala kalilole momwe mwana amadzionamo yekha, kapena zenera loonera miyoyo ya ena, ndipo mwana amafunika zonse ziwiri. Ana athu, pamene buku lawapeza n'komwe, apatsidwa mazenera okhaokha.

Alipo mabuku ena omwe ali pafupiko ndi moyo wathu. Biblioburro la Jeanette Winter, la 2010, likukamba za Luis Soriano, mphunzitsi wa ku Colombia yemwe ankasenzetsa mabuku abulu ake awiri, Alfa ndi Beto, n'kumayenda nawo m'midzi yakutali kubwereketsa ana. Ku Garissa m'dziko la Kenya mabokosi a mabuku ankanyamulidwa ndi ngamila kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ku Nkayi m'dziko la Zimbabwe ntchito yomweyi inkachitika ndi ngolo zokokedwa ndi abulu. Nkhani ngati zimenezi zimaonetsa kuti mtima wa laibulale ndi pangano lokhulupirirana: watenga chinthu chomwe si chako, wapita nacho kunyumba, udzachibweza kuti mnzako nayenso agwiritse ntchito. Pangano limenelo mwana wa kumudzi amalidziwa kuposa wa m'tauni. Wakula akutumidwa kukabwereka sefa, mtondo, khasu ndi nkhwangwa kwa aneba. Amayi ake ali mu banki mkhonde. Chimene sanaonepo ndi buku likuyenda m'njira yomweyo.

Kuno kwathu tili ndi umboni wa mphamvu ya chithunzi umene dziko lonse likuudziwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analephera kulipira fizi. Anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Chingerezi chake chinali chochepa, ndipo iye mwini wafotokozapo kuti ankadalira zithunzi ndi zojambula za m'mabuku a sayansi kuti amve zimene mawu akunena. Pa chikuto cha buku lotchedwa Using Energy anaona makina opukusa magetsi ndi mphepo. Ali ndi zaka 14 anapanga ake, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga, mapaipi ndi zina zotola kudzala, anthu akumunena kuti wapenga.

Timakonda kuikamba nkhani imeneyi ngati ya mnyamata wanzeru zapadera, ndipo nzeruzo analidi nazo. Koma ine ndimaonamo zinthu ziwiri zomwe zikanatheka kwa mwana wina aliyense. Panali chipinda cha mabuku pafupi ndi kwawo chomwe chinali chotsegula ngakhale kwa mnyamata wosiya sukulu. Ndipo pamene chiyankhulo chachilendo chinamutsekera njira, chithunzi chinamuolotsa. Funso limene limandivuta ndi lakuti: ndi ana angati a m'midzi yoyandikana nayo amene anadutsa pa chipinda chomwecho osalowamo, chifukwa palibe chimene chinawauzapo kuti m'menemo muli zawo?

Nkhani ya Kamkwamba inatuluka ngati buku m'chaka cha 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe analemba ndi Bryan Mealer. M'chaka cha 2012 inatulukanso ngati buku la zithunzi la ana, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon. Linasindikizidwa ku America, m'Chingerezi, pa mtengo wa madola. Chimodzimodzi Galimoto la Karen Lynn Williams, la 1990, lonena za mnyamata wa kuno ku Malawi wotchedwa Kondi amene akuyendayenda kufuna mawaya opangira galimoto yake. Ana a ku New York ndi ku London akhala akuona moyo wa ana athu m'mabuku amenewa kwa zaka zambiri, pamene eni nkhaniyo, omwe amapinda mawayawo tsiku ndi tsiku, n'kovuta kuti mabukuwo awafike m'manja. Sindikuwadzudzula olembawo. Anaona nkhani yabwino n'kuilemba. Funso lili kwa ife.

Zifukwa zimene mabuku oterewa akusowera n'zodziwika. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Kuyambira pamenepo nkhondo yakhala ya zipinda, aphunzitsi ndi mabuku a silabasi, ndipo kalasi ya ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi sichinali chodabwitsa. Makampani osindikiza mabuku amadalira mabuku a sukulu chifukwa ndi omwe ali ndi msika. Buku la zithunzi limafuna pepala labwino ndi utoto wamitundu, zonse zoitanitsa kunja, komanso wojambula amene ayenera kulipidwa masabata ambiri. Kholo limene likuwerengera ndalama ya feteleza silingaligule. Mabuku a mphatso omwe amabwera m'makontena amathandiza, koma ambiri ndi a Chingerezi, odzaza ndi chipale chofewa ndi nyama zomwe mwana sanazionepo.

Pali chifukwa chinanso chomwe si cha ndalama. Pa sukulu ya pulayimale imene ndinaphunzira panali kabati ya mabuku a nthano mu ofesi ya ahedi. Tinkaiona tikatumidwa kukatenga choko. Inali yokiya nthawi zonse. Aphunzitsi aja sanali anthu oipa mtima. Ankadziwa kuti tsiku lina kudzabwera anthu odzawerenga mabukuwo, ndipo limodzi likadzasowa kapena kung'ambika adzafunsidwa ndi iwo. Kwa iwo buku lotetezeka linali losakhudzidwa. Tinamaliza Sitandade 8 mabukuwo akadali atsopano. Buku la ana limene lakhala zaka zisanu lopanda chidindo cha chala chamafuta, ndalama yogulira bukulo inangotayika.

Sikuti palibe chomwe chachitika. Bungwe la National Library Service, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, linasindikizapo timabuku ta ana ta Werengani, ndipo lagwirapo ntchito yotolera nthano zathu m'maboma kuti zisatayike. Ndondomeko ya boma ya National Reading Programme, imene inayamba m'chaka cha 2016, inabweretsa njira yatsopano yophunzitsira kuwerenga ndi mabuku atsopano m'makalasi oyambirira. Inali yofunika, chifukwa pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, yemwe anayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, Malawi anali kumapeto pa nkhani ya kuwerenga. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 aliwonse amakhala kumudzi, kutali ndi nthambi zimenezi. Ndiponso buku la m'kalasi limaphunzitsa mwana kuphatikiza zilembo. Chifukwa choti aziphatikizira ali yekha, popanda mphunzitsi womuyang'anira, amachipeza m'nkhani imene wafuna yekha kudziwa mathero ake.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Anthu akugona ndi njala, mankhwala m'zipatala mulibe, iwe ukukamba za zithunzi za kalulu? Yankho langa ndi lakuti palibe amene akunena kuti tichotse phala m'kamwa mwa mwana kuti timugulire buku. Koma mwana amene wafika Sitandade 4 osatha kuwerenga amayamba kulephera masamu, sayansi ndi zina zonse, chifukwa mafunso onse amabwera olembedwa. Ndiye amene amabwereza kalasi, kenako n'kusiya. Njala ya m'nyumba mwake zaka makumi awiri zikubwerazo ikuyambira pamenepo.

Ena amati ife ndife anthu a nthano zapakamwa, mabuku ndi za azungu. Koma taonani mmene wamkulu amawerengera buku la zithunzi kwa mwana: amasintha mawu akafika pa fisi, amaima n'kufunsa kuti "ndiye ukuganiza kuti chinachitika n'chiyani?", mwana amavomera ndi kuyimba nawo. N'zomwezo zimene agogo ankachita akati "padangotero", ife n'kumati "tili tonse". Buku la zithunzi ndi mbale wake wa nthano ya pamoto, ndipo limafika ngakhale m'nyumba momwe agogo ali kutali kumudzi, makolo akubwera usiku atatopa. Enanso amati masiku ano zonse zili pa foni. Foni ili ndi ntchito yake, ndipo ndibwererakonso. Koma foni ya m'nyumba ndi ya bambo kapena mayi, imafuna chaji ndi bandulo, ndipo palibe amene amamusiyira mwana wa zaka zinayi kuti agone nayo. Kabuku ka pepala akhoza kukakumbatira, kukaonetsa anzake, kukawerengera nkhuku.

Nkhani ya chiyankhulo ndi yosathawika. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu, ndipo makolo ambiri amanyadira mwana akamatchula mawu a Chingerezi ku nazale. Chingerezi n'chofunika, ife tomwe tikulemba nacho mayeso. Koma kuseka, kuopa ndi kudabwa mwana amayamba m'chiyankhulo cha amayi ake. Nkhani imene ayenera kuimasulira kaye m'mutu siingamugwire mtima. Ndipo ndikamati chiyankhulo cha amayi sindikunena Chichewa chokha. Mwana wa ku Rumphi akufunika kabuku ka Chitumbuka, wa ku Mangochi ka Chiyao, wa ku Nsanje ka Chisena, wa ku Nkhata Bay ka Chitonga. M'mahositelo athu muli eni ziyankhulo zonsezi.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira. Timatha zaka zinayi tikusanthula zolemba za ena, tikulemba masamba makumi awiri pa ndakatulo imodzi. Anzathu a zaluso amajambula zinthu zokongola zomwe zimathera pakhoma la situdiyo. Dziko lino silinasowepo ojambula. Makolo athu anakula akuseka ndi Pewani wa Brian Hara m'nyuzipepala. Chimene chikusowa ndi kuti wolemba ndi wojambula akhale pamodzi n'kuganizira mwana wa zaka zinayi ngati wowerenga wofunika ulemu.

Njira zake zilipo kale, ndipo apa ndi pamene foni ija ikugwira ntchito. African Storybook, tsamba la pa intaneti lomwe bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula m'chaka cha 2014, lili ndi nkhani za zithunzi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa ndi Chinyanja zili momwemo. Aliyense amaloledwa kuzimasulira, kuzisintha ndi kuzisindikiza kwaulere, ngakhale kuikapo nkhani yake. StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India imagwira ntchito mofananamo. Book Dash ya ku Cape Town, yomwe inayambanso mu 2014, imasonkhanitsa anthu ongodzipereka m'magulu a wolemba, wojambula ndi wokonza masamba, ndipo gulu lililonse limamaliza buku m'maola 12. Cholinga chawo n'chakuti mwana aliyense akhale ndi mabuku 100 akeake pofika zaka zisanu. Ife tikadali pa kufuna buku limodzi, koma njira yawoyo ingatheke pa Loweruka limodzi m'chipinda chilichonse cha pa kampasi.

Asatinamize munthu kuti ndi ntchito yophweka. Kulemba nkhani ya mawu 200 imene mwana adzapemphe kuti ibwerezedwe mawa n'kovuta kuposa asayimenti ya mawu 3,000 imene mphunzitsi adzaiwerenge kamodzi. Mwana sanyengerera, nkhani ikamutopetsa amadzuka n'kupita kukasewera. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndiye wolemba ayenera kuwerenga mokweza chiganizo chilichonse kuti amve ngati chikuyenda pakamwa. Koma tili ndi chuma chimene ana amachikonda kwambiri: chule akagwa m'madzi timati chubwi, ufa ukatayika pansi pamangoti mbee, mbale ikasweka timati phwa. Chiyeso chachikulu kwa ife ndi kufuna kulalikira. Tinazolowera kuti nkhani ya ana ithere pa phunziro la kusamba m'manja kapena kumvera akulu. Mwana amaununkhiza ulaliki patali. Mpatseni nkhani, phunziro alipeza yekha.

Buku limene ndikufuna kuliona ndi ili. Kamtsikana kakukhala ndi agogo ake omwe sadziwa kuwerenga. Kamva kuti pa sukulu yapafupi pali chipinda cha mabuku, kapena bokosi lachitsulo lomwe limabwera pa kabaza Lachitatu lililonse. Kafika pakhomo, kayang'ana mapazi ake afumbi, kakufuna kubwerera. Woyang'anira mabuku akukafunsa dzina, akulilemba m'kope, akukapatsa buku. Kunyumba, kamtsikanako kakuloza zithunzi, agogo akupeka nkhani yawoyawo kuchokera m'zithunzizo. Usiku mvula ikugwa, denga likudontha, buku lanyowa. M'mawa kakuopa kukalibweza. Kakupita mtima uli phaphapha. Woyang'anira uja akulitenga, akuliyanika padzuwa tsamba ndi tsamba, ndipo akukafunsa kuti lero katenga liti.

Tsamba lomalizalo ndi limene likufunika kwambiri, ndipo likulankhula kwa wamkulu amene akuwerengayo monga mmene likulankhulira kwa mwana. Mantha oononga buku ndi omwe akukiyitsa makabati m'sukulu, ndi omwenso amachititsa kholo kumuuza mwana kuti asabwereke kanthu kuopa kulipitsidwa. Buku lonena za laibulale ya kwathu liyenera kuwayankha mantha amenewo.

Likapangidwa, kolifikitsa sikusowa. Kuli sukulu za mkombaphala m'midzi, komwe alezi ongodzipereka amasamala ana ambiri popanda buku ngakhale limodzi. Kuli Sande sukulu ndi madrasa. Kuli ku sikelo, komwe amayi amakhala pamzere maola angapo ana ali pamiyendo. Masamba 16 osindikizidwa pa fotokope mbali zonse, opindidwa pakati n'kusokedwa ndi ulusi, ndi buku. Mabuku khumi otere m'katoni, ndi kope lolembamo mayina a obwereka, ndi laibulale.

Tchuthi chikubwerachi ambirife tidzakhala kunyumba masabata angapo, tikudandaula kuti kulibe chochita. Pezani mnzanu wodziwa kujambula musanatsekere. Ngati simungapeke nkhani, masulirani imodzi. Mukafika kwanu, itanani mwana wa m'nyumba mwanu kapena wa aneba, mumukhazike pamiyendo, ndipo akafuna kuligwira yekha bukulo ndi manja ake a mango, mumpatse.